Tinayamba tili 60, tatsala 9: tikonze bwanji pulogalamu ya bungwe la mbiri ya dera lathu?

Funso: Ndine mlembi wa kabungwe kofufuza ndi kusunga mbiri ya dera lathu, komwe tinakayambitsa chaka chatha. Pa msonkhano woyamba panabwera anthu pafupifupi 60, mipando mpaka inachepa. Tinaitana mphunzitsi wa ku yunivesite kudzakamba, mwezi wotsatira tinaitananso wina, koma pofika msonkhano wachinayi tinangopezeka anthu 9, ndipo asanu mwa iwo ndi ife a komiti. Tsopano anzanga andisenzetsa ntchito yokonza pulogalamu ya chaka chamawa. Kodi tiitane akatswiri otchuka kuposa amenewa? Nanga tingatani kuti achinyamata nawonso azibwera? Ndine mayi wopuma pa ntchito ya uphunzitsi.

Yankho: Mayi mlembi, ndisanayankhe ndili ndi funso langa. Pa anthu 60 aja, ndi angati amene anapatsidwa mpata wotsegula pakamwa? Ndikuganiza kuti wapampando anatsegulira, mlendo anayankhula ola lathunthu ndi kuposera, anthu atatu anafunsa mafunso mothamanga poti nthawi inali itatha, basi aliyense n'kumalowera kwawo. Ngati zinayenda choncho, vuto si kutchuka kwa oyankhula. Munthu amene wabwera ku msonkhano wa mbiri ya kwawo sabwera chimanjamanja. Amabwera ndi nkhani za agogo ake m'mutu, ndi chithunzi chimene chagona zaka pansi pa sutikesi, ndi mtsutso wake woti mlatho uja unamangidwa chaka chiti. Mukamukhazika pansi kuti azingomvera, koyamba amapirira chifukwa cha ulemu, kachiwiri chifukwa cha manyazi, kachitatu amakumbukira kuti kunyumba kuli zochita.

Choncho pokonza pulogalamu ya chaka chamawa, msonkhano uliwonse muziuyesa ndi funso limodzi: kodi anthu akabalalika, m'buku la mlembi mudzakhala mutalowa chiyani chimene simunali nacho m'mawa? Dzina la munthu wa pachithunzi, dzina lakale la msewu, mawu ojambulidwa a mphindi 20, chilichonse. Bungwe la mbiri ya dera limakhala ndi moyo likamatuta kwa anthu ake. Likamangowagawira zimene akatswiri akudziwa, limasanduka kalasi, ndipo inu monga mphunzitsi mukudziwa kuti akuluakulu sakonda kubwerera m'kalasi popanda mayeso owakakamiza.

Sindikunena kuti akatswiri muwatsekere khomo. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo munthu amene wakhala zaka akuwerenga zikalata zakale akhoza kukuuzani zinthu zimene palibe wa m'dera lanu akuzidziwa. Koma pa misonkhano khumi ya pachaka, itatu kapena inayi yokha ndi imene ikhale ya mtundu umenewu, ndipo mutu muzisankha ndinu. Mutu wakuti "Mbiri ya dera lathu kuyambira kale mpaka lero" ndi wogonetsa tulo. Wakuti "Chaka chimene mtsinje unasefukira" kapena "Anthu amene anamanga sukulu yoyamba anachokera kuti?" umadzutsa munthu pampando chifukwa ali ndi chonena. Mutu ukachepa, nkhani imazama. Mlendoyo mulembereni kalata yomveka: adzayankhule mphindi 30, zikachuluka 35, omvera ambiri si ophunzira mbiri, ndipo adzabwere ndi zinthu zooneka ndi maso monga mapu, zithunzi kapena tsamba la kaundula wakale. Mphindi zina 30 ndi za anthu. Wapampando akhale wolimba mtima, wotha kuimirira ndi kuthokoza mlendo nthawi ikakwana ngakhale mlendoyo akhale pulofesa. Za ndalama ya ulendo wake mugwirizane asanabwere, osati pakhomo potuluka, chifukwa pamenepo ndi pamene pamadulira maubale ambiri.

Oyankhula anu enieni ali pafupi, kungoti sadziwa kuti ndi oyankhula. Mzamba amene anabeleketsa theka la dera lanu, munthu amene anagwira ntchito ku positi zaka 30, telala wakale, dalaivala wa basi, mlonda wa pafakitale imene inatsekedwa. Mukawauza kuti adzakambe nkhani pamaso pa gulu adzakana, kapena adzabwera ndi pepala lolembedwa ndi mdzukulu n'kumaliwerenga monjenjemera. Musawaimike pagome. Ikani mipando iwiri kutsogolo, wina amene amadziwana nawo bwino akhale pampando winawo n'kumawafunsa ngati akucheza pakhonde. Njira imeneyi si yachilendo. Bungwe la StoryCorps la ku America, limene linayamba mu 2003 ndi kachipinda kojambuliramo mawu mu siteshoni ya Grand Central ku New York, limachita zomwezi: anthu awiri odziwana amacheza mphindi 40, ndipo mawuwo amakasungidwa ku Library of Congress, nyumba yaikulu ya mabuku ya boma la America. Chimene chimagwira ntchito pamenepa n'chakuti munthu amayankha funso la mnzake momasuka kuposa mmene angayankhulire kwa khamu. Wofunsayo akonzekere mafunso ochepa otseguka, monga "Tsiku lanu loyamba pa ntchito linali lotani?", osati ofuna inde kapena ayi. Ndipo aphunzire kukhala chete. Mkulu akaima kaye n'kuyang'ana pansi, musamuthamangitse ndi funso lina, nthawi zambiri nkhani yeniyeni imatuluka pambuyo pa kachetechete kameneko.

Msonkhano umene ndimaukonda kuposa yonse, ndipo ndikanakhala inu ndikanayamba nawo chaka, ndi wa mapu. Pezani mapepala akuluakulu, muwalumikize, mujambulepo misewu ikuluikulu, mitsinje ndi zizindikiro zochepa zimene aliyense amazidziwa. Zina zonse musiye poyera. Yalani pansi kapena pa matebulo, perekani mapensulo, muuze anthu alembe pamene panali nyumba ya makolo awo, chitsime, bwalo la mpira, mtengo waukulu umene unadulidwa. Simudzafunikanso kupempha aliyense kuti ayankhule. Mudzangomva wina akuti, "Ayi, chigayo sichinali apa, chinali kuseri kwa tchalitchi," winanso n'kumulanda pensulo. Ku Cape Town, nyumba yosungira mbiri ya District Six, imene inatsegulidwa mu 1994, ili ndi mapu aakulu oyalidwa pansi. Dera limenelo boma la tsankho linalilengeza mu 1966 kuti ndi la azungu okha, ndipo anthu oposa 60,000 anasamutsidwa mokakamiza, nyumba zawo n'kugwetsedwa. Amene ankakhala kumeneko amabwera n'kulemba mayina awo pamalo pamene panali makomo awo. Misewu inafafanizika, koma pa mapu aja inabwerera ndi manja a eni ake. Dera lanu mwina silinaone nkhanza zotere, komabe dera lililonse lili ndi malo amene anatsala m'mitu ya anthu mokha.

Wachiwiri wake ndi tsiku lobweretsa zakale. Mu 2008, gulu la ku yunivesite ya Oxford linapempha anthu wamba kuti abweretse zimene mabanja awo anasunga za nkhondo yoyamba ya dziko lonse ya 1914 mpaka 1918. M'miyezi yochepa anasonkhanitsa zithunzi za zinthu zoposa 6,500, makalata, mamendulo, timabuku, ndipo kuyambira 2011 njira yomweyi inafalikira m'mayiko ena a ku Ulaya kudzera mu Europeana, nkhokwe ya pa intaneti ya zinthu zakale za ku Ulaya. Chinsinsi chake chinali chakuti mwini chinthu amabwerera nacho kwawo tsiku lomwelo. Inunso mutero. Musalandire katundu wa anthu kuti musunge pamene mulibe chipinda chouma, chokhoma ndiponso chopanda chiswe, chifukwa chithunzi cha ukwati wa agogo a munthu chikawonongeka m'manja mwanu, bungwe lanu silidzakhulupiridwanso.

Tsiku limeneli limafuna dongosolo, apo ayi limasanduka msika. Patebulo loyamba pakhale wolandira, amene apereke nambala pa chinthu chilichonse ndi kulemba dzina la mwini wake. Patebulo lachiwiri pakhale wofunsa: ichi n'chiyani, anachipeza bwanji, ali pachithunzipa ndani kuyambira kumanzere, chinajambulidwa kuti, chaka chiti kapena nthawi ya chochitika chiti. Patebulo lachitatu ndi pojambulira. Ngati muli ndi sikana, zithunzi muzisikane pa 600 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi) n'kusunga ngati TIFF (mtundu wa fayilo ya chithunzi), ndipo musaiwale kuseri kwake, chifukwa kumeneko ndi kumene kumakhala deti, chidindo cha wojambula kapena kamoni kolembedwa pamanja. Ngati mulibe, foni yabwino ikwanira, bola muyale chithunzicho pafupi ndi zenera, muzimitse fulashi, ndipo kapepala ka nambala kaoneke pambali. Chithunzi chopanda nambala ndi mayina, pakatha zaka zisanu, chimangokhala cha anthu osadziwika ataima kutsogolo kwa nyumba yosadziwika. Mwa njira yomweyo mudzapeza mpata wolangiza anthu kasungidwe: asamate selotepi pa pepala long'ambika chifukwa ulimbo wake umasanduka wachikasu n'kudya pepalalo, achotse mapini ndi mastepulo a dzimbiri, kuseri kwa chithunzi alembe ndi pensulo yofewa osati bolopeni, ndipo koposa zonse asalaminete chikalata chakale. Anthu amalamineta poganiza kuti akuteteza, koma pulasitiki womatidwa ndi moto uja sachokanso popanda kuwononga chikalatacho.

Kamodzi kapena kawiri pachaka tulukani m'holo muyende. Ku Toronto mu 2007 anthu anayambitsa maulendo a pansi otchedwa Jane's Walk pokumbukira Jane Jacobs, mayi amene ankalemba za moyo wa m'mizinda, ndipo lero amachitika m'mizinda yambiri kumayambiriro kwa Meyi. Otsogolera ake ndi anthu wamba okhala m'deralo. Ulendo wanu usapitirire ola limodzi ndi theka, malo oima akhale asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, ndipo a komiti auyende kaye okha sabata imodzi zisanachitike, akuyenda pa liwiro la munthu wa ndodo. Pemphani chilolezo kwa eni malo, makamaka kumanda ndi kumalo opembedzerako. Tengani zithunzi zakale zimene munatuta pa tsiku lija, muzikulitse, ndipo mukafika pamalo pamene wojambula anaima, zikwezeni m'mwamba anthu ayerekeze ndi zimene akuona lero. Odutsa m'njira adzaima okha kudzasuzumira, ndipo ena mwa iwo mudzawaona pa msonkhano wotsatira.

Tsopano za achinyamata. Sadzabwera kudzamvera, ndipo musawadzudzule, nafenso pa msinkhu wawo sitikanabwera. Adzabwera mukawapatsa ntchito imene akuluakulu sangaithe. Ndiwo agwire foni yojambulira, asikane zithunzi, ayendetse tsamba la bungwe pa Facebook kapena gulu la pa WhatsApp, alembe pakompyuta zimene zajambulidwa. Inu muli ndi mwayi chifukwa mumadziwa mmene sukulu zimayendera: kambiranani ndi mphunzitsi wa mbiri pa sukulu ya sekondale yapafupi kuti ophunzira ake, awiriawiri, akafunse achikulire a m'mabanja mwawo, kenako adzaonetse zimene apeza pa msonkhano wa bungwe. Tsiku limenelo holo idzadzaza, chifukwa kholo lililonse lidzafuna kuona mwana wake ali kutsogolo, ndipo agogo ofunsidwawo adzabwera kudzamva ngati mawu awo sanapotozedwe. Ana osakwana zaka 18 akhale ndi chilolezo cha makolo, ndipo asapite okha kunyumba ya munthu amene sakumudziwa.

Kujambula mawu a anthu ngati umboni wa mbiri kunakhazikika ngati ntchito ya ukatswiri pamene Allan Nevins anatsegula ofesi yake pa yunivesite ya Columbia mu 1948, nthawi imene makina ake anali olemera komanso osowa. Lero makinawo ali m'thumba la aliyense, koma zolakwa zake n'zomwe zija. Ine ndinajambulapo bambo wina wa zaka zoposa 80, amene anandifotokozera kwa maola awiri mmene ankagwirira ntchito pa njanji. Nditafika kunyumba n'kutsegula, chimene ndinamva ndi fani imene inkazungulira pamwamba pathu ndi wailesi ya nyumba yoyandikana, mawu awo akumveka ngati akuchokera pansi pa chitsime. Ndinati ndidzabwerera mwezi wamawa. Mwezi wamawawo ndinakapezeka pa maliro awo. Kuyambira pamenepo ndimajambula kaye mphindi imodzi, ndimvetsere ndi zam'makutu, ndiye n'kuyamba. Foni ikhale pa nsalu yopinda osati patebulo pouma, italikirane ndi pakamwa ngati kutalika kwa mkono, ndipo muitseke kuti isalandire mafoni. Kumayambiriro wofunsa atchule deti, malo, dzina lake ndi la wofunsidwa. Ngati chipangizo chanu chikulola, jambulani mu WAV, mtundu wa fayilo ya mawu. Bungwe la IASA, la akatswiri osunga mawu ndi zithunzi zoyenda, limalimbikitsa 48 kHz ndi 24 bit (miyeso ya kumveka bwino kwa mawu) ngati poyambira, ndipo ola limodzi lotero likhoza kudya malo pafupifupi 1 GB. Chilichonse chikhale ndi makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, imodzi ikusungidwa kunyumba ina. Dziwaninso kuti kulemba ola limodzi la mawu kumatha maola asanu ndi limodzi kapena kuposera, choncho musajambule anthu 40 pamene olemba muli nawo awiri. Poyamba, chidule chosonyeza kuti pa mphindi yakuti akukamba zakuti n'chokwanira.

Mukatsegulira anthu pakamwa, konzekerani kuti adzatsutsana, ndipo walira mvula walira matope. Wina adzati sukulu inatsegulidwa iye ali ndi zaka zisanu, wina adzati inali ilipo kale iye asanabadwe. Musasankhe wopambana pamsonkhano. Lembani zonse ziwiri ndi mayina a onena, ndiye mufunse mafunso omangirira: nthawi imeneyo msewu unali utaikidwa tala? Mng'ono wanu anali atabadwa? Kenako wina akafufuze m'kaundula wa sukuluyo, m'mabuku a tchalitchi kapena mzikiti, m'nyuzipepala zakale kapena kunkhokwe ya zikalata za boma, n'kudzapereka lipoti mwezi wotsatira. Mwapeza kale mutu wa msonkhano wina, ndipo otsutsana aja sadzajomba. Jan Vansina, katswiri wa ku Belgium amene anafufuza mbiri ya pakamwa pakati pa Akuba a ku Congo m'zaka za m'ma 1950, anaona kuti anthu amakumbukira bwino za mibadwo yaposachedwa, amakhalanso ndi nkhani zambiri za chiyambi chawo, koma pakati pamakhala mpata umene umafupikitsidwa, moti zochitika zotalikirana zaka zambiri zimakambidwa ngati zinagundana. Mkulu amene wasokoneza zaka sakunama, ndi mmene kukumbukira kwa anthu kumagwirira ntchito kulikonse. Komanso pepala silikhala loona chifukwa chongokhala pepala: amene analilemba anali ndi maso ake, bwana wake ndi zimene sankafuna kuti zidziwike.

Pali nkhani zina zimene si za pabwalo. Malire a malo amene ali m'khoti, zipani, ana obadwa kunja kwa banja, amene anapereka mnzake m'nthawi ya mavuto. Komiti igwirizane pasadakhale kuti wapampando ali ndi mphamvu yoimitsa munthu amene wayamba kunyoza wina pomutchula dzina, chifukwa mukazijambula n'kuziika pa intaneti, mlandu woipitsa mbiri ya munthu ukhoza kugwera bungwe. Aliyense wojambulidwa asayine kapepala kosavuta konena ngati akulola kuti mawu ake aseweredwe pagulu, aikidwe pa intaneti, kapena asungidwe osatsegulidwa mpaka chaka chakuti. Amene satha kulemba avomere ndi pakamwa, zijambulidwe kumayambiriro kwa kucheza. Ndipo musalonjeze chinsinsi chimene simungathe kuchiteteza. Ku Boston College ku America, ofufuza anajambula anthu amene anamenya nawo nkhondo ya ku Northern Ireland, powauza kuti mawu awo sadzatuluka iwo ali moyo. Mu 2011 apolisi a ku Northern Ireland, kudzera m'boma la America, anaitanitsa matepiwo, ndipo makhoti atagamula, ena mwa iwo anaperekedwa. Ngati zinachitika pa sukulu yaikulu yokhala ndi maloya ake, kabungwe ka anthu 9 kasayerekeze n'komwe.

Za kalendala sindichulutsa. Sankhani tsiku limodzi losasintha, monga Loweruka lachiwiri la mwezi uliwonse, nthawi yomweyo, malo omwewo, kuti munthu asamafunse. Siyani miyezi iwiri yopuma pa nyengo imene anthu a kwanuko amatanganidwa kwambiri kapena kuyenda kumavuta. Pali masiku a dziko lonse amene mungakolekepo zochitika zanu, ndipo amathandiza mukamapempha malo kapena mpata pa wailesi: 18 Epulo ndi la malo ndi zipilala zakale, 18 Meyi ndi la nyumba zosungira zakale, 9 Juni ndi la nkhokwe za zikalata, ndipo 27 Okutobala ndi la mawu ndi zithunzi zoyenda zakale, limene lingakhale loyenera kuti ophunzira aja adzaseweretse zimene anajambula. Pulogalamu yonse ikwane pa pepala limodzi loti munthu akhoza kumata kukhoma. Mukhalenso ndi nkhani imodzi ya m'thumba, yokonzedwa ndi wa komiti, chifukwa tsiku lina mlendo adzaimba foni m'mawa kuti sabwera. Onaninso ngati holo yanu ili ndi masitepe ovuta, ngati akumbuyo amamva, ndiponso ngati msonkhano umatha kusanade. Achikulire ena amasiya kubwera chifukwa cha zimenezi, koma sanena.

Pa anthu 9 atsalawo, musachite nawo manyazi. Pa msonkhano ukubwerawu kokani mipando ikhale mozungulira, mugawane awiriawiri, aliyense afunse mnzake kwa mphindi khumi za nyumba imene anakuliramo, foni ikujambula, kenako mumvetsere limodzi kuti muone pamene mawu sanamveke ndi pamene wofunsa anadula mnzake pakamwa. Amenewo ndiwo adzakhale pa matebulo atatu aja. Ndipo ngati pa tsiku loyamba lija munayendetsa pepala la mayina ndi manambala, lifufuzeni, mugawane mayinawo, muimbire munthu aliyense payekha. Musamufunse chifukwa chimene anasiyira kubwera. Mufunseni ngati kunyumba kwake kuli chithunzi chakale chimene angabwere nacho, ndiponso ngati akukumbukira pamene panali chitsime.